MADZI AKACHEPA MUMTSINJE: KUSINTHA KWA NYENGO NDI MIKANGANO YA MADZI

Phunziro la alangizi a zaulimi

Mlangizi aliyense amene wagwirapo ntchito pa sikimu ya ulimi wothirira amaudziwa mwezi umene milandu ya madzi imachuluka. Mweziwo ndi Okutobala, ndipo mvula ikachedwa milanduyo imafika mpaka Disembala. Pa nthawi imeneyi matumba a mchenga amaikidwa mumtsinje usiku, maloko a pa mageti a ngalande amathyoledwa, ng'ombe zimagumula ngalande pofuna kumwa, ndipo amayi amakangana pamzere wa pamjigo. Masiku ano mkangano wotere ukafika pamsonkhano sipalephera kupezeka munthu wonena kuti zonsezi zadza ndi kusintha kwa nyengo. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma kawirikawiri amatseka mlandu usanazengedwe, pakuti nyengo siingaitanidwe ku bwalo la mfumu.

Cholinga cha phunziro lino ndi kuthandiza alangizi kusiyanitsa mbali imene nyengo ikutengapo pa mikangano ya madzi ndi mbali imene ili m'manja mwa anthu. Tidzaona zimene zachitika m'chigwa cha nyanja ya Chilwa m'Malawi ndi m'chigwa cha Usangu ku Tanzania, kenaka tidzakambirana zimene mlangizi angachite m'dera lake madzi asanachepe.

Zimene akatswiri a zanyengo apeza

Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC linanena m'chaka cha 2021 kuti dziko lapansi latentha ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900. Kummwera kwa Africa kutenthaku kukukwera mofulumira kuposa m'madera ambiri. Kutentha kukakwera, madzi ambiri amauluka ngati nthunzi kuchokera m'madamu, m'madambo ndi m'minda, kotero kuti mbewu imodzimodziyo imafuna madzi ochuluka kuposa kale. Komanso mvula imakonda kugwa yambiri m'masiku ochepa. Madzi a mvula yotero amathamangira kumtsinje mmalo molowa pansi, ndipo mtsinje umene unasefukira mu Febuluwale umapezeka utaphwa mu Sepitembala.

Tisafulumire kunena kuti chilala chilichonse chadza ndi kusintha kwa nyengo. Chilala cha 1991/92, cha 2015/16 ndi cha 2023/24 zinagwa m'zaka za El Niño, amene ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwerezabwereza kuyambira kalekale. Akatswiri a gulu la World Weather Attribution atafufuza chilala cha 2024, chimene chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi, anapeza kuti gwero lake lalikulu linali El Niño. Koma atafufuza chilala cha 2015 mpaka 2017 ku Cape Town anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunachulukitsa katatu mpata woti chilala chotero chigwe.

Nanga pa za mikangano? M'lipoti lake la 2022 bungwe la IPCC linanena kuti mphamvu ya nyengo poyambitsa ziwawa ndi yochepa poiyerekeza ndi umphawi, kusalingana pakati pa anthu ndi kufooka kwa ulamuliro, ngakhale kuti nyengo imakulitsa mavuto amenewa pamene alipo kale. Kunena mwachidule, chilala chimachepetsa madzi, koma amene asowe madziwo amasankhidwa ndi anthu.

Chigwa cha Chilwa

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi. Ili m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kum'mawa imachita malire ndi Mozambique. Ndi nyanja yosaya ndiponso ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo amatuluka ngati nthunzi basi. Chifukwa cha ichi, zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana za mvula yochepa ndi zokwanira kuiphwetsa. Inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka matope ong'ambika.

Zolembedwa zakale zimasonyeza kuti nyanjayi inaphwa kangapo chaka cha 1950 chisanafike, nthawi imene dziko linali lisanatenthe monga lero. Choncho kuphwa pakokha si kwachilendo. Chachilendo ndi kuchuluka kwa manja amene akutunga m'mitsinje yomweyo. M'chigwachi muli anthu pafupifupi 1.5 miliyoni. Taganizirani za mtsinje wa Likangala. Umachokera paphiri la Zomba, pamene damu la Mulunguzi limasunga madzi a anthu a mumzinda. Ukatsika umadutsa mumzinda wa Zomba, kenaka m'madimba osawerengeka. Ukafika kuchidikha umakumana ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, ndipo madzi otsala ndiwo amafika kwa oweta ng'ombe, kwa olima mpunga kudambo ndi kwa asodzi. Chaka cha mvula yabwino onsewa amakhuta ndipo sadziwana nkomwe. Chaka cha chilala wa kumtunda amatenga monga mwa masiku onse, ndipo kuchepa konse kumagwera wa kumunsi.

Masikimu a Likangala ndi Domasi anamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, iliyonse ya mahekitala pakati pa 400 ndi 500, ndipo boma ndilo linkawayendetsa. Lamulo la ulimi wothirira la 2001 litakhazikitsidwa, masikimu otere anayamba kuperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi. A Wapulumuka Mulwafu a ku Chancellor College ndi a Anne Ferguson a ku Michigan State University anafufuza masikimu awiriwa m'zaka zimenezo, ndipo anapeza kuti mikangano ya madzi inali yolukanalukana ndi mikangano ya malo. Panali kusamvana pa za mwini weniweni wa mapuloti, mafumu ena ankati malowo ndi a makolo awo, ndipo alimi a kunja kwa sikimu ankapatutsa madzi kumka nawo m'minda yawo. Mikangano imeneyi sinayambe ndi nyengo. Koma pamene eni malo sakudziwika bwino, eni madzi sangadziwikenso, ndipo chilala chikafika palibe amene ali ndi mphamvu youza mnzake kuti atseke ngalande.

Kuyambira zaka za m'ma 2000 mapampu opondaponda anafalikira m'madimba, pambuyo pake kunabwera a injini, ndipo tsopano kuli oyendera mphamvu ya dzuwa. Ife a zaulimi ndife tinalimbikitsa zipangizozi, ndipo zathandiza mabanja ambiri kukolola kawiri pachaka. Komabe pampu iliyonse ndi kangalande kena kotuluka mumtsinje, kamene sikalembedwa m'buku lililonse. Pampu ya injini imazimitsidwa mafuta akatha, pamene ya dzuwa imapopa tsiku lonse, ndipo imapopa kwambiri m'miyezi yomweyo imene mtsinje uli wochepa.

Nyanja ikaphwa pamabukanso mikangano ya mtundu wina. Nthaka yachonde imene madzi asiya imakopa olima mpunga, pomwe oweta amaiona ngati msipu, ndipo madzi akabwerera malire onse amafafanizika. Asodzi amasamukira ku nyanja zina monga Chiuta ndi Malombe, kumene eni dera sawalandira ndi manja awiri nthawi zonse. Nsomba za matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe otsala m'mitsinje ndi pa mathiriro ake, ndipo nsomba zimenezo ndizo zimadzaswana nyanja ikadzadzanso. Tsono maiwe omwewo ndiwo mlimi wa dimba amaikamo paipi ya pampu yake.

Pali chinthu chimodzi cholimbikitsa m'mbiri imeneyi. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba anakhazikitsa makomiti a m'midzi oteteza maiwe aja, ndipo analetsa kupha nsomba ndi katupe. Chilala chomwecho chimene chikanayambanitsa anthu chinawakhazika pamodzi, chifukwa panali cholinga chooneka ndi maso ndiponso atsogoleri amene anthu ankawamvera.

Chigwa cha Usangu: kuloza chala wosalakwa

Kummwera chakumadzulo kwa Tanzania, m'boma la Mbarali, kuli chigwa cha Usangu. Mitsinje yochokera m'mapiri imadutsa m'minda ya mpunga, imalowa m'dambo lalikulu la Ihefu, ndipo imatuluka ngati mtsinje wa Great Ruaha. Mtsinjewu umadutsa m'nkhalango ya nyama ya Ruaha ndi kukathira m'damu la Mtera, limene pamodzi ndi la Kidatu limapanga magetsi. Kuyambira chaka cha 1993 mtsinje umene kale unkayenda chaka chonse unayamba kuphwa m'chilimwe. M'zaka zomwezo magetsi anayamba kuvuta m'mizinda, ndipo nkhaniyo inakhala ya dziko lonse.

Anthu anapereka zifukwa zosiyanasiyana. Ena anati mvula yachepa, ena anati mitengo yatha m'mapiri, koma ambiri analoza chala oweta ng'ombe, makamaka a mtundu wa Sukuma amene anabwera ndi ziweto zawo kuchokera kumpoto. Kafukufuku wa pulojekiti ya SMUWC, amene anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza zosiyana ndi zimenezi. Mvula ya m'chigwacho sinasonyeze kuchepa kokwanira kuphwetsa mtsinje, ndipo madzi omwedwa ndi ziweto anali ochepa kwambiri. Gwero lalikulu linali kupatutsa madzi kumka nawo m'minda ya mpunga, imene inakula mpaka kupitirira mahekitala 40,000 m'zaka za mvula yabwino, makamaka chizolowezi chosiya ngalande zili chotsegula m'chilimwe ngakhale pamene madziwo sanali kugwira ntchito yeniyeni. Ngakhale zinali chomwecho, m'zaka za 2006 ndi 2007 boma linachotsa oweta ku Ihefu. Ambiri anasamutsidwira kutali monga ku Lindi, ndipo ng'ombe zambiri zinafera m'njira. Mtsinje sunasiye kuphwa.

Masamu a nkhaniyi mlangizi angawachite yekha. Ng'ombe imodzi imamwa malita pafupifupi 40 patsiku nthawi yotentha. Hekitala imodzi ya mpunga yolandira malita 2 pa sekondi imatenga malita 172,800 patsiku, amene angakwanire ng'ombe zoposa 4,000. Ng'ombe zimaoneka, zimadetsa madzi, zimagumula ngalande, ndipo eni ake kawirikawiri ndi obwera amene alibe owalankhulira. Ngalande imayenda mwakachetechete. Apa sitikunena kuti ziweto siziononga dambo. Tikunena kuti mkangano wa madzi ukakula, mlandu umakonda kugwera munthu wopanda mphamvu, ndipo chimene chingamuteteze ndi miyeso yokha.

Ofufuza ku Usangu anaonanso kuti malo opatulira madzi omangidwa ndi simenti, amene mapulojekiti anamanga pofuna kuthandiza alimi, anakulitsa vuto. Mpanda wakale wa miyala, mitengo ndi udzu unkadontha, ndipo kudonthako ndiko kunkapatsa madzi anthu a kumunsi. Khoma la simenti limatha kutenga mtsinje wonse madzi akachepa. Mlangizi amene akupempha chithandizo chomangira khoma lotere ayenera kufunsa amisiri funso ili pulani isanavomerezedwe: mu Okutobala, ndi gawo lanji la madzi limene lidzapitirira kumunsi? Alipo mamangidwe ogawa madzi m'magawo okhazikika, kotero kuti mtsinje ukachepa aliyense amachepekedwa mofanana.

Yambani ndi kuyeza

Pamsonkhano wa mkangano wa madzi aliyense amabwera ndi chikumbumtima chake. Mlangizi ayenera kubwera ndi nambala. Kuyeza madzi a m'ngalande sikulira zipangizo zodula. Sankhani malo owongoka otalika mamita 10. Yezani mulifupi mwa madzi ndi kuya kwake pa malo angapo kuti mupeze muyeso wa pakatikati. Ponyani kamtengo kouma pamwamba pa madzi ndi kuwerenga masekondi amene katenga kuti kayende mamita 10 aja, ndipo bwerezani katatu.

Tiyerekeze kuti mulifupi ndi mita imodzi, kuya ndi mamita 0.3, ndipo kamtengo katenga masekondi 25. Liwiro la pamwamba ndi mamita 0.4 pa sekondi. Popeza madzi a pansi amayenda pang'onopang'ono kuposa a pamwamba, chulukitsani ndi 0.8 kuti mupeze 0.32. Mukachulukitsa 1 ndi 0.3 ndi 0.32 mupeza 0.096, kutanthauza malita 96 pa sekondi. Pa nthawi yotentha mpunga wa m'madzi ungafune malita pafupifupi 2 pa sekondi pa hekitala, pamene chimanga kapena nyemba zingafune pafupifupi lita imodzi. Motero madzi amenewa angathirire mahekitala 48 a mpunga kapena 96 a chimanga, ndipo izi zitheka ngati kuthirira kukuchitika usana ndi usiku. Nambalazi zimasintha malinga ndi nthaka ndi kudontha kwa ngalande, koma ndi zokwanira kusonyeza alimi kuti mahekitala 150 a mpunga sangakhwime ndi madzi amenewo, kaya alimiwo atukwanane motani.

Musayeze nokha. Tengani mlimi mmodzi wa koyambirira kwa ngalande ndi wina wa kumapeto, ndipo iwo ndiwo agwire chingwe ndi wotchi. Nambala imene mlangizi wabwera nayo kuchokera ku ofesi anthu amaikayikira, koma imene aipeza okha saikana. Yezaninso mtsinje pa malo atatu kapena anayi tsiku limodzi, kuyambira kumtunda kutsikira kumunsi. Pamene madzi achepa mwadzidzidzi pakati pa malo awiri, yendani pansi mukaone chimene chilipo.

Pangano lipangidwe madzi akadalipo

Nthawi yabwino yokambirana za kagawidwe ka madzi ndi Epulo kapena Meyi, pamene mtsinje ukadali wodzadza ndipo palibe amene wadzala mbewu za chilimwe. Mu Okutobala munthu amene mpunga wake ukufota sangamve za chilungamo, ndipo sitingamudzudzule.

Funso loyamba ndi la amene ayenera kukhalapo. Komiti ya sikimu payokha siyokwanira, chifukwa amene amatseka mtsinje kumtunda ndi amene amavutika kumunsi nthawi zambiri si mamembala ake. Itanani eni madimba, oweta ziweto pamodzi ndi abusa awo, asodzi, amayi amene amatunga madzi akumwa, ndi mafumu a mbali zonse za mtsinje. Amayi ndiwo amayamba kudziwa kuti chitsime chatsika, koma pamsonkhano waukulu samapatsidwa mpata. Ndi bwino kukumana nawo paokha tsiku lisanafike. Kumene anthu a kumtunda sakhulupirira kuti akuvutitsa anzawo, athandizeni kukayendera minda ya kumunsi. A Bruce Lankford ndi anzawo ku Usangu anakonza sewero la thabwa lopendekeka, pomwe timipira tagalasi timagubuduzika ngati madzi ndipo timitengo timaimira malo opatulira. Wa kumtunda akamuika kumunsi amaona yekha timipira tikutha tisanamufike.

Mfundo yaikulu ya panganolo ikhale yakuti kuchepa kwa madzi kugawidwe. Izi zimatheka pokhoma mtengo kapena chitsulo mumtsinje ndi kupakapo mizere ya penti. Anthu agwirizane kuti madzi akafika pa mzere woyamba kuthirira kudzakhala kwa kasinthasintha, kuyambira kumapeto kwa ngalande. Akafika pa mzere wachiwiri mlimi aliyense adzathirira theka la puloti yake, ndipo mapampu adzapopa masiku osankhidwa okha. Akafika pa mzere wachitatu madzi adzasiyidwira anthu, ziweto ndi maiwe a nsomba. Ubwino wa mizereyi ndi wakuti tsiku loipa likafika si tcheyamani amene walamula, ndipo palibe womuda. Panganolo litchulenso malo omwetsera ng'ombe ndi njira yopitira kumeneko, chindapusa cha wophwanya, ndi amene adzasunga ndalama za chindapusacho. Lilembedwe m'chilankhulo cha anthuwo ndi kusainidwa pamaso pa mafumu.

Malamulo a mayiko athu ali kumbali ya pangano lotere. Ku Zimbabwe lamulo la madzi la 1976 linkati amene anayamba kulandira chilolezo ndiye ayambe kukhuta madzi akachepa, ndipo izi zinkakomera eni mafamu akuluakulu. Lamulo la 1998 linathetsa dongosololi ndi kukhazikitsa makhonsolo a zigwa za mitsinje. Tanzania inakonzanso lamulo lake mu 2009, Zambia mu 2011 ndipo Malawi mu 2013. Malamulo onsewa amaika patsogolo madzi ogwiritsa ntchito pakhomo ndipo amafuna chilolezo kwa otunga madzi ambiri. Mlangizi adziwe ngati sikimu ya m'dera lake ili ndi chilolezo, ndi kuchuluka kwa madzi amene chilolezocho chikunena. Koma asayembekezere kuti ofesala wa za madzi adzafika pa kamtsinje kalikonse. M'madera ambiri pangano la pamudzi ndilo lamulo lokhalo limene lingagwire ntchito usiku.

Ulosi wa zanyengo nawo uli ndi ntchito pano. Kuyambira 1997 akatswiri a mayiko a SADC amakumana pa msonkhano wa SARCOF chaka chilichonse mvula isanayambe, ndipo nthambi za zanyengo za dziko lililonse zimalengeza ulosi wa madera awo. Ulosi ukanena za El Niño, komiti ikumane msanga ndi kuchepetsa malo odzala mpunga mochedwa, chifukwa mpunga umenewo umadalira kuti mvula idzaupeza. Ndipo nyengo ya mvula ikatha moperewera, chiganizo cha mahekitala a chilimwe chipangidwe potsatira muyeso wa mtsinje wa mwezi wa Meyi, osati potsatira zimene zinalimidwa chaka chatha.

Malo a mlangizi pa mkangano

Mlangizi si woweruza. Kuweruza ndi kwa mafumu, makomiti ndi mabwalo a milandu. Ntchito yake ndi kubweretsa miyeso, kuitanitsa amene aiwalika, ndi kupereka njira zina monga mbewu zocha msanga, kusalaza bwino mapuloti, kumata ngalande zodontha ndi kuthirira mpunga modumphitsa masiku mmalo mousiya m'madzi nthawi zonse. Pali chinthu china chimene sitikonda kuchitchula: alangizi ena ali ndi mapuloti awo m'masikimu amene amalangiza, ndipo kawirikawiri mapulotiwo sakhala kumapeto kwa ngalande. Amene ali chomwecho aulule poyera, ndipo apemphe mnzake wa dera loyandikana nalo kuti atsogolere zokambirana.

Polemba lipoti la mkangano musalembe mawu akuti kusintha kwa nyengo ndi kulekera pomwepo. Lembani mvula imene inagwa poyerekeza ndi zaka zina, madzi amene munayeza ndi tsiku lake, chiwerengero cha mapampu ndi ngalande za kumtunda, mahekitala odzalidwa, ndi magulu a anthu amene anasowa madzi. Miyeso imeneyi ilembedwenso m'buku losungidwa ndi komiti ya pamalopo, chifukwa alangizi amasamutsidwa, ndipo amene adzabwera pambuyo panu adzafuna kudziwa mmene mtsinje unalili mu Okutobala zaka khumi zapitazo.